Chala cha Mwana ndi Bolodi la Nthawi za Swala



Amene mwaswali mu mzikiti wa pasukulu pano teremu ino mwaona bolodi latsopano limene lapachikidwa kumanja kwa khomo. Lili ndi mizere isanu ndi umodzi: Subh, Dhuhr, Asr, Maghrib, Isha ndi Jumu'ah. Pa mzere uliwonse pali tizidutswa toonekera ngati galasi, tolembedwa manambala, timene muadhini amasolola ndi kulowetsapo tina nthawi ikasintha. Ambiri mwatiyamikira, ena mpaka kufunsa kumene tinagula. Sitinagule. Tinadula tokha kuno, ife ndi ophunzira asanu ndi atatu a Fomu 3, ndipo ntchitoyo sinayende mosalala monga mmene bolodilo likuonekera. Tinaswa katundu wa mzikiti, komanso mwana wina anachekeka chala ali m'manja mwathu. Akonzi a kalatayi atatipempha kuti tilembe za bolodili, tinaona kuti kulemba zokoma zokha kukhala kubisa. Choncho tifotokoza zonse mmene zinayendera, pamodzi ndi kadulidwe koyenera kamene tinaphunzira mochedwa.

Bolodi lakale linali la choko. Nthawi za Swala zimayenda ndi dzuwa: mu Juni Maghrib kuno imakwana cha m'ma 5:20, pamene mu Januwale imapitirira 6 koloko. Muadhini ankafufuta ndi kulemba pafupifupi sabata iliyonse, ndipo pakati pa sabata mapewa a anthu olowa ndi otuluka ankafufuta zimene iye walemba. Tsiku lina nambala ya mphindi za Asr inafufutika theka, abale athu a m'mudzi woyandikana nafe n'kufika jamaa itatha. Komiti inagwirizana kuti pakhale bolodi la manambala osolola, ndiponso chotchinga choonekera pa bolodi la zidziwitso kuti mapepala asamadetsedwe. Mmodzi wa akomiti atapita ku Limbe anabwera ndi thabwa la Perspex, logulidwa ndi zopereka za Lachisanu zingapo. Anabwera nalo pa minibasi, atalikulunga m'makatoni, njira yonse akulilondera kuti wina asalitsamire.

Kwa amene simukuchidziwa chinthuchi, ndi pulasitiki wolimba amene dzina lake lenileni ndi acrylic. Anatulukira m'zaka za m'ma 1930. Ku Germany katswiri wa mankhwala Otto Röhm anamugulitsa ndi dzina loti Plexiglas kuyambira mu 1933, ndipo ku Britain kampani ya ICI inamutcha Perspex mu 1934. Dzina lachiwirili ndi limene amisiri a kuno amagwiritsa ntchito. Kulemera kwake ndi pafupifupi theka la galasi la msinkhu womwewo, kuwala kumadutsa bwino kwambiri, ndipo sasweka msanga ngati galasi. Thabwa lathunthu limakhala la masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi. Lathu linali theka lake, lochindikala mamilimita 3, litamatidwa pepala loteteza mbali zonse ziwiri. Pamenepo panafunika kutuluka chotchinga cha mita imodzi, tizidutswa 60 ta masentimita 5 m'lifupi ndi 7 m'litali, ndi timizere topyapyala togwira tizidutswato. Malo a manambala pa bolodi ndi 24, popeza Swala iliyonse ili ndi ola ndi mphindi za adhana komanso za iqaama; totsalato ndi tosinthira.

Komiti inkafuna kulipira mmisiri. Amene anaimirira n'kunena kuti ndalamazo zisungike, tidula tokha ndi ana, ndife. Tikamati ife m'ndime zikubwerazi tikunena mphunzitsi, chifukwa ana sanalakwe kanthu. Anachita zimene anauzidwa. Tinakulira pakhomo pamene sowo ndi hamala sizinkasowa, ndiye tinkaona ngati kudula pulasitiki n'chimodzimodzi kudula pulayi.

Tsiku loyamba tinayala thabwalo pamadesiki awiri, pakati pali mpata, tinamatula pepala lonse kuti tione kukongola kwake, n'kutenga sowo ya matabwa ya mano akuluakulu. Sowo italowa pang'ono, thabwa linayamba kunjenjemera. Dzino limodzi linakodwa, ife n'kukankha mwamphamvu. Tinangomva kuti thwa! Mng'alu unathamanga chopingasa kuchokera pamene panali sowo mpaka pakati pa thabwa, ndendende mbali imene tinasungira chotchinga chija. M'kalasi munangoti zii. Mwana wina anafunsa motsitsa mawu ngati pali guluu wolumikizira. Guluu wotero alipo, koma chipsera sichichoka. Amene mwadabwa kuti chotchinga cha bolodi la zidziwitso n'chachifupi, masentimita 70 m'malo mwa mita, chifukwa chake n'chimenechi.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ife manyazi anatikankha kuti tifulumire, kuti pofika Lachisanu tikhale ndi choonetsa komiti. Mawa lake tinasiya sowo n'kutenga mpeni wa lezala, uja wothyola nsonga, ndi rula ya pulasitiki ya m'kalasi. Tinathyola tizidutswa tingapo tokhotakhota. Kamodzi kanapitirira muyeso ndi mamilimita ngati atatu, ndipo tinauza mnyamata wina kuti achepetse. Anakagwira ndi zala za kumanzere, rula pamwamba, mpeni kumanja. Perspex ndi yoterera. Mpeni unakwera pa rula, n'kutsetsereka, n'kulowa m'chala cha mkombaphala. Magazi anadontha pa kachidutswako ndi pa yunifolomu. Tinamanga chalacho ndi nsalu yoyera, tikuchikweza m'mwamba, n'kuthamanga naye kuchipatala kumene anakamusoka. Alhamdulillah, mtsempha sunakhudzidwe ndipo chala chikupinda bwinobwino. Koma mpeniwo ukanapatuka pang'ono, tikanakhala tikulemba nkhani ina.

Madzulo a tsikulo tinamuperekeza kwawo. Bambo ake anatilandira pakhonde, natiyalira mkeka, ndipo anamvetsera mpaka tinamaliza. Sanakweze mawu. Anafunsa kuti, "A Mwalimu, chinthu chimenechi inuyo munachidulapo kale?" Tinati ayi. "Nanga anakuphunzitsani kadulidwe kake ndani?" Tinati palibe. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanguyu akalakwitsa chilembo chimodzi powerenga Qur'an mumamubweza, mumati asamawerenge zimene sanamve pakamwa pa mphunzitsi. Mpeni wokha ndiye wosafuna mphunzitsi?"

Tinalibe yankho. Zaka zonse za ku madrasa tinakhala pamaso pa aphunzitsi athu akutimvetsera chilembo ndi chilembo, ndipo palibe amene ankaloledwa kuphunzitsa mnzake zimene iye sanayesedwe. Ku koleji nako sanatipatse kalasi tisanaonedwe tikuphunzitsa. Zimenezi timazidziwa ndipo timazilalikira. Koma itafika ntchito ya manja tinaiyesa yopepuka, yoti munthu wowerenga mabuku angoitulukira yekha. Kumeneko kunali kunyoza luso la amisiri, ngakhale sitinkadziwa kuti tikunyoza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Phula lathu anadya ndi mwana wa eni.

Lachisanu litakwana tinaima pamaso pa komiti ndi thabwa long'alukalo, n'kufotokoza zonse ziwiri. Ena anati ntchito za manja zithe pasukulu pano, mphunzitsi wa Chisilamu aphunzitse Chisilamu basi. Sitinawatsutse, chifukwa anali ndi chifukwa chomveka. A tcheyamani anagamula kuti ntchito iime mpaka papezeke wodziwa. Wodziwayo anapezeka pamsika pathu pomwepa: bambo wachikulire wolemba zikwangwani, amene tinkamudutsa tsiku ndi tsiku. Si Msilamu. Anabwera Loweruka m'mawa ndi chikwama chakale cha zida, anavula nsapato pakhomo la mzikiti osauzidwa, n'kuyamba kuyeza bolodi asanakhudze Perspex. Ataona mng'alu uja anapukusa mutu nati, "Mwalimu, ichi si thabwa ayi, si galasinso. Chili ndi khalidwe lakelake. Chimadana ndi kunjenjemera, kutentha ndi changu." Zimene zikutsatirazi ndi zimene anatiphunzitsa Loweruka litatu, ndipo tazilemba kuti aliyense wofuna kudula chinthuchi kunyumba kapena pantchito asadutse mmene tinadutsa ife.

Choyamba chinali pepala lija tinamatula. Limayenera kukhalapo mpaka ntchito yonse itatha, chifukwa Perspex imakandika msanga ndipo pepalalo ndi pamene umalembapo miyeso. Popeza lathu tinali titataya, anatimatitsa tepi ya pepala m'malo monse modutsa mzere. Polemba timagwiritsa ntchito pensulo yosongoka, rula yachitsulo ndi sikweya. Rula ya pulasitiki kapena ya thabwa mpeni umaidya n'kukwerapo, monga zinachitikira. Tisanadule kalikonse anatiuza kuti tidule kachidutswa ka katoni ka muyeso womwewo n'kukayesa pa bolodi. Katoniko kanathina. Tikanadula tonse 60 pa muyeso wa papepala, palibe kamene kakanalowa. Tinachotsako milimita imodzi kuti tizisololoka bwino.

Chachiwiri, chimene chili mutu wa zonse, ndi ndondomeko ya kadulidwe. Kachidutswa kakang'ono ndi koopsa kuposa thabwa lalikulu, chifukwa kalibe pogwira, ndipo zala zimakakamizika kuyandikira mpeni. Choncho umayamba wagawa thabwa m'zigawo zonyamulika, zigawozo n'kuzidula m'mizere yaitali ya masentimita 7 m'lifupi, kenako n'kumadula kachidutswa kamodzikamodzi kumapeto kwa mzerewo. Mbali yaitali ndi imene imapanidwa patebulo. Kakang'onoko kamakhala kolendewera kunja, ndipo kamayamba kukhala pakokha kudula kutatha. Mzere ukafupika mpaka zopanira kusowa pogwira, wotsalawo umausiya. Kachidutswa kakapitirira ndi mamilimita awiri kapena atatu, monga kaja kanavulaza mwana, mpeni sukhudzakonso: umakapana pakati pa timatabwa tiwiri n'kukapala ndi tupa. Mawu amene bambowa ankabwereza mpaka ana anayamba kuwayeserera ndi akuti, "Dzanja si chopanira."

Njira yoyamba yodulira ndi yokanda ndi kuthyola, ndipo imayenda bwino pa Perspex yopyapyala ngati yathu. Mpeni wake ndi wa nsonga yokhota ngati mbedza, umene supita mkati modula koma umapala kangalande. Rula yachitsulo imapanidwa pamzere ndi zopanira ziwiri kuti dzanja lamanzere likhale kutali. Ulendo woyamba umakoka mopepuka, kungotsegula njira. Maulendo otsatira umawonjezera mphamvu pang'ono, ndipo umaona kaulusi ka pulasitiki kakupotana kutuluka m'ngalandemo. Pa mamilimita 3 ife tinkakoka kasanu ndi katatu mpaka kakhumi. Kangalandeko kayenera kufika kumapeto onse awiri, chifukwa pamene sipanakandike mng'alu umasankha njira yakeyake. Wokokayo aime chammbali, kuti mpeni ukapulumuka usapeze mimba kapena ntchafu. Ukatha, umaika mzerewo m'mphepete mwenimweni mwa tebulo, ngalande ikuyang'ana kumwamba, n'kupana thabwa lowongoka pamwamba pa mbali yotsala patebulo. Kenako umatsindika mbali yolendewera kamodzi, mwachangu, ndi mphamvu yofanana. Imalira kuti phwa, n'kuthyoka mowongoka ngati yadulidwa ndi makina. Kachidutswa koyamba katatuluka bwino, ana anafuula takbir mpaka a hedimasitala anasuzumira pawindo.

Njira imeneyi ili ndi malire. Imadula mizere yowongoka yokha, yochoka mbali ina kufika mbali ina, ndipo mbali yothyoledwayo ikachepa kuposa zala ziwiri kapena zitatu m'lifupi siithyoka bwino. Timizere togwira manambala tinali ta sentimita imodzi ndi theka, choncho tinafunika sowo. Sowo yoyenera ndi yodulira zitsulo, ya mano ang'onoang'ono, 24 kapena 32 pa inchi. Perspex imaikidwa pakati pa timatabwa tiwiri topyapyala, zonse n'kupanidwa pamodzi pafupi kwambiri ndi podulapo, kuti pasakhale kunjenjemera kumene kunatiswera thabwa tsiku loyamba. Sowo imayenda mogona pang'ono, modekha, osaikankhira pansi. Ukafulumira pulasitiki amatentha, utuchi umasungunuka n'kumatirira m'mano, ndipo nthawi zina mzere umene wadula umagwirananso kumbuyo kwa sowo. Tinkadonthezera madzi a sopo pang'ono pamzerepo kuti pazizire. Malo ovuta ndi kumapeto: mamilimita omaliza umachepetsa mphamvu, mnzako atagwirizira mbali yakugwayo, apo ayi ngodya imabenthuka.

Sowo inatiphunzitsanso masamu. Imadya pafupifupi milimita imodzi paliponse yadutsa. Mtsikana wina anafuna kupulumutsa nthawi polemba miyeso khumi motsatana kenako n'kudula yonse. Bambo aja anamusiya kuti ayese pa chidutswa chotayika, ndipo atayeza anapeza kuti palibe kamene kakukwana, kena kafupika kwambiri kuposa kanzake malinga ndi mbali imene sowo inadutsa. Umayeza kamodzi, kudula, n'kuyezanso kuchokera pamene wadulapo, ndipo sowo imadutsa kunja kwa mzere, mbali yotaya. Pofuna zidutswa zambiri zofanana anatikhomera kathabwa patebulo pa mtunda woyenera, kuti mzere uliwonse uzigunda pamenepo tisanadule. Kuyambira apo rula inapuma, ndipo zonse zinatuluka zofanana. Mtsikana yemweyo ndi amene anadzakhala wodula molondola kuposa tonse, ife tomwe.

Perspex yongothyoledwa kumene imakhala yakuthwa m'mphepete, yotha kucheka ngati galasi. Popeza tizidutswati tizigwiridwa ndi muadhini ndi ana tsiku lililonse, kalikonse kanapalidwa ndi tupa, ngodya zinayi n'kuzunguliridwa, kenako kukwechedwa ndi sandipepa yonyowa, kuyambira ya nambala 240, kubwera 400, kumalizira 600. Sandipepayo imayalidwa patebulo, kachidutswa n'kumayenda pamwamba pake, kuti m'mphepete mukhale mowongoka. Iyi ndi ntchito yotopetsa ndipo inatenga nthawi kuposa kudula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Manambala anatilembetsa kumbuyo kwa kachidutswa, ndi utoto wosungunulira ndi madzi, kuti zala zisamawafufute. Ndiye kuti nambala iliyonse imalembedwa chotembenuza. Ana anaseka kuti amene anazolowera kulemba Chiarabu kuchokera kumanja sangavutike, koma 2 ndi 5 zinatisokoneza tonse mofanana.

Pa chotchinga panafunika mabowo a zomangira. Chobowolera cha zitsulo chikakhala chakuthwa kwambiri chimakoka pulasitiki potulukira n'kumung'alula, choncho bambowa anayamba achifwifwinitsa pang'ono nsonga pa mwala, anaika thabwa pansi pa Perspex, n'kubowola pang'onopang'ono, kutali ndi m'mphepete. Bowo lililonse analikulitsa kuposa chomangira chake, ndipo anatiletsa kumanga mothina. Chifukwa chake n'chakuti Perspex imafutukuka ndi kutentha kuposa galasi kangapo: ya mita imodzi, kutentha kukakwera ndi madigiri 20, imatalika pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Yomangidwa mothina m'mawa wa Juni ingathe kupindika kapena kung'aluka pabowo masana a Okutobala. Asanayatse chobowolera anaonetsetsa kuti atsikana alowetsa nsonga za hijabu mkati mwa malaya ndipo anyamata apinda manja a mikanjo, chifukwa chinthu chozungulira chikagwira nsalu chimakoka ndi mwini wake.

Pali zinthu zitatu zimene anatiletsa kotheratu, ndipo tikudziwa kuti m'makomo ambiri zimachitika. Kudula ndi galayinda kumasungunula pulasitiki ndi kumwaza zibenthu. Kudula ndi mpeni kapena waya wowotcha pamoto kumatulutsa utsi wopweteka m'maso ndi m'chifuwa, komanso Perspex imayaka ikagwira moto. Pa chifukwa chomwecho zotsala zake siziyenera kuponyedwa pamoto wa zinyalala. Chachitatu ndi kupukuta ndi sipiliti kapena thinazi. Anatiyesera pa chidutswa chotayika, ndipo m'mphepete modulidwa munatuluka timing'alu tambirimbiri ngati ukonde. Amene mudzayeretse bolodili, madzi a sopo ndi nsalu yofewa n'zokwanira.

Za maso tisaiwale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Perspex inkagwiritsidwa ntchito pa mawindo a ndege zankhondo. Dokotala wa maso wa ku Britain, Harold Ridley, anaona kuti oyendetsa ndege amene tizibenthu take tinawalowa m'maso, thupi lawo silinkalimbana nato monga limachitira ndi zinthu zina zachilendo. Zimenezi zinamupatsa nzeru, ndipo mu 1949, pa chipatala cha St Thomas' ku London, anaika kagalasi ka pulasitiki ameneyu m'diso la munthu wochotsedwa ng'ala. Agogo athu ambiri amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala akuona lero ndi timagalasi ta mtundu umenewu kapena tofanana nato. Tinawauza ana nkhaniyi kuti aone mmene Allah amaikira phindu m'zinthu zimene anthu amapeza pofufuza. Koma tinawakumbutsanso kuti oyendetsa ndege aja anafika kwa dokotala atavulala. Kachibenthu kouluka pothyola kamacheka diso. Tinali ndi magalasi oteteza maso amodzi okha, obwereka kwa bambo aja, ndiye tinkadula mmodzimmodzi, wovala magalasi yekha ali patebulo, ena ataima patali. Utuchi tinkasesa ndi burashi, osauzira ndi pakamwa.

Mnyamata wovulala uja anabwerera Loweruka lachiwiri, chala chili chomanga. Sitinamuitane, anabwera yekha. Tinamupatsa ntchito yowerenga ndi kuyesa kachidutswa kalikonse pa bolodi. Loweruka lachitatu anabwera ndi kalata ya bambo ake yomulola kugwira mpeni. Anapana rula, anaima chammbali, anakoka kakhumi, n'kuthyola. Kachidutswa kake ndi kamene kali ndi 12 pa mzere wa Jumu'ah. Mbali yong'aluka ija nayo sinatayike: munatuluka tizikwangwani ta pa zitseko za makalasi ndi tomangirira makiyi a mzikiti. Zotsala zenizeni zinakwana m'thumba la shuga.

M'kalasi timaphunzitsa mawu awiri amene ana amawalemba bwino pamayeso: amaana ndi ihsaan. Amaana ndi chinthu chimene wasungitsidwa, chimene udzafunsidwe. Thabwa lija linali amaana ya anthu amene anaponya ndalama zawo m'bokosi Lachisanu, ena a iwo atadzimana. Manja a ana aja anali amaana yoposa pamenepo, ndipo makolo potitumizira ana m'mawa amayembekezera kuti abwerera ndi zala zonse khumi. Ihsaan ndi kuchita chinthu bwino lomwe, ngakhale pamene palibe munthu akukuona. Tonse timadziwa kuti pa Eid-ul-Adha mpeni umanoledwa chiweto chisanagonekedwe, ndipo wozinga amakhala wodziwa kuzinga. Palibe amene amapatsa mpeni munthu woti akaphunzirire pa mbuzi ya qurbani. Ife tinali ndi niya yabwino yopulumutsa ndalama za mzikiti, koma niyayo sinatiphunzitse kagwiridwe ka sowo. Tinafunika kukhala pansi pamaso pa bambo wa zikwangwani monga tinkakhalira pamaso pa aphunzitsi athu a ku madrasa, ndipo tikuthokoza kuti anatiphunzitsa mosatichititsa manyazi pamaso pa ana.

Kwa akomiti amene munati ntchito za manja zithe, pempho lathu ndi lakuti zipitirire, koma mwa dongosolo. Ana athu ambiri akamaliza Fomu 4 adzadya za manja awo, ndipo ndi bwino aphunzire kuopa mpeni moyenera ali pano kusiyana ndi kukaphunzira pa ngozi ali okha. Tagwirizana ndi a hedimasitala malamulo awa: palibe chida chimene chidzagwiridwe popanda mmisiri wochidziwa kukhalapo, mwana aliyense abwere ndi chilolezo cholembedwa ndi kholo, wodula akhale mmodzi pa nthawi imodzi, atavala magalasi, ndipo chilichonse chodulidwa chikhale chopanidwa. Tikusowa magalasi oteteza maso asanu ndi atatu, zopanira zinayi, marula achitsulo awiri ndi bokosi la chithandizo choyamba lokhala ndi mabandeji. Tikupemphanso makolo amene muli akalipentala, owotcherera zitsulo, osoka ndi okonza njinga kuti mutipatseko Loweruka limodzi pa teremu. Mukabwera, ife tidzakhala pa benchi limodzi ndi ana.

Kwa bambo ndi mayi a mwana wathu uja, tinapepesa pakhonde panu ndipo tikupepesanso pano pamaso pa onse. Kwa ophunzira, mukaona kachidutswa kagwa pansi, katoleni, kapukuteni, mukabwezere m'kabokosi kamene kali kuseri kwa bolodi. Tilipo 60 ndipo tikufuna tikhalebe 60. Tikupempha Allah atikhululukire pamene tinalakwa, awalipire zabwino onse amene anapereka ndi amene anatiphunzitsa, ateteze manja ndi maso a ana athu, ndipo atipange kukhala osunga Swala pa nthawi yake. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu